Chisoti Chimene a Zakaria Anachepetsa

A Zakaria anabadwira ku Matope m'banja la asodzi, koma nsomba ankadana nazo kuyambira ali aang'ono. Bambo awo akamatumbula milamba m'mbali mwa Shire, iwo ankathawira kuseri kwa nyumba atatsina mphuno, abale awo n'kumaseka kuti mwanayu anasokera mtundu. Atasinkhuka anapita ku Balaka kwa amalume awo kukaphunzira makina osokera. M'chaka cha 1978 anakwera mapiri n'kudzakhazikika pa Neno, pakhonde la sitolo ya a Hamza, mnzawo wa kumzikiti.

Ukhondo wawo unali wochita kunyanya. Pambali pa makina sipankasowa ketulo ya madzi ndi kachidutswa ka sopo. Munthu akabweretsa buluku long'ambika asanalichape, ankangoligwira ndi zala ziwiri n'kumubwezera. "Kachapeni kaye," basi, mawu ake omwewo. Ena ankakwiya, koma mawa lake ankabweranso, chifukwa pa Neno ponse panalibe wina wodziwa kuyeza munthu ngati iwo.

Zaka za chipani chimodzi ntchito inali mbwee: mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a amayi a mvano, masuti a aphunzitsi. Matipate atabwera, anabwera ndi mabelo a kaunjika. Anthu anasiya kusoketsa zatsopano, ndipo a Zakaria, amene ankadula suti yathunthu osalemba pena paliponse, anasanduka wochepetsa majekete a azungu osawadziwa. Fungo la m'mabelomo linkawadwalitsa mutu. Ankati ndi fungo la mankhwala osakaniza ndi m'khwapa mwa munthu wakutali.

Lachinayi lina mu Ogasiti 1995, chakum'mawa, kunabwera Davie. Anali bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wa kumtunda ku Nsambe, amene ankanyamula matumba a mbatatesi panjinga yakapalasa n'kutsika nawo ku Ligowe komwe malole ankadikira. Msewu umenewo ndi wotsetsereka, wamiyala, ndipo unali utamudya kale mano awiri akutsogolo. Anatsamiritsa njinga pachipilala n'kutulutsa m'thumba la feteleza chinthu chozungulira ngati mphika.

"Atelala, mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi kantchito kachilendo."

Chinali chisoti cha anthu oyenda panjinga yamoto, chija chophimba mutu wonse mpaka kuchibwano, chosiya mpata wa maso okha. Chinali chofiira, chokalika kwambiri mbali imodzi, galasi lake lakutsogolo kulibe.

"Ine ndimasoka nsalu, a Davie. Izi pitani nazo kwa owotcherera."

"Vuto si kunjaku, bambo. N'chachikulu. Taonani."

Davie anachivala n'kupukusa mutu. Mutu unapita kumanja, chisoti n'kutsalira kumanzere. Atawerama, chinatsetsereka n'kuphimba maso onse.

"Dzana pokhota paja pamlatho chinanditseka maso chomwechi," anatero mawu akumveka ngati ali m'mgolo. "Ndinangomva njinga ikulowa m'tchire. Mayi a kunyumba akuti ndisatsikenso phiri ndilibe chimenechi kumutu, koma chomwechi ndiye chindipha."

Apa m'pamene a Zakaria anagonja, chifukwa chinthu chosamukwana munthu chinkawapweteka m'maso. Anachotsa tepi m'khosi, n'kumuuza Davie avule. Anazunguliza tepiyo pamwamba pang'ono pa nsidze, kudutsa pamwamba pa makutu mpaka kunkhongo. Mainchesi makumi awiri ndi imodzi ndi theka. Kenako anatembenuza chisoticho kuti ayeze m'kati.

Fungo limene linatuluka mmenemo linawabweza m'mbuyo mpaka anagunda makina. Linali thukuta lakale lowawasa, nguwi, ndi chinanso chimene sanachizindikire msanga, chonga nyama yoiwalika m'thumba. Malovu anadzaza m'kamwa. Anathamangira kumapeto kwa khonde n'kukalavula.

"Inu mumalowetsa nkhope yanu mmenemu?"

"Munthu umazolowera, bambo."

A Hamza anasuzumira pawindo la sitolo akuseka. "Lero ndiye mwapezana nazo, a Zakaria. Muuzeni akachape!"

Koma kuchapa sikukanathandiza, chifukwa siponji ya m'katimo inali itafumbutuka. A Zakaria anamanga mpango kumphuno, anatenga lezala ndi kamtengo, n'kuyamba kutong'ola. Nsalu yakuda inkangothothoka yokha. Munatuluka tsitsi lomatana, mazira a mphemvu, kenako mphemvu zenizeni ziwiri zimene zinathamangira pansi pa makina. Iwo anangoluma mano n'kupitiriza.

Atafika ku mbali yoteteza chibwano, kamtengoko kanakodwa. Siponji ya pamenepo inali yolimba gwa, yakuda mofiirira. Atakanda, panagwa kanthu koyera n'kudumpha pasimenti. Anawerama kuti aone. Linali dzino la munthu, lobenthuka pakati.

Anayang'ana m'kamwa mwa Davie.

"Lanu ili?"

"Ayi, anga anatsala pamsewu chaka chatha."

"Nanga chisotichi munachitenga kuti?"

"Ndinachitola."

A Zakaria anakokanso nsalu yotsala kunkhongo. Pansi pake, pa chinthu choyera cholimba chija, panalembedwa ndi bolopeni: S. MALIZANI.

Pa Neno panalibe amene sankawadziwa a Stefano Malizani, mlangizi wa zaulimi, chimunthu chachikulu choseka mokweza, chimene mabuluku ake a Zakaria ankachita kuwonjezera nsalu m'chiuno. M'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, njinga yawo yamoto inaterera potsika ku Nsambe ndipo anamenyetsa nkhope pamwala. Amayi ochokera kumunda ndi amene anawapeza, dzuwa litapendeka kale, ali chigonere m'matope, kumutu kulibe kanthu. A Stefano anakhala miyezi iwiri m'chipatala nsagwada zitamangidwa ndi waya. Anthu ankawanena kuti mwina tsikulo anasiya chisoti kunyumba mwa matama.

"Munachitola pati, a Davie?"

Davie anayang'ana kumsewu. "Pamene anagwera paja."

"Liti?"

"Tsiku lomwelo." Anakanda m'mutu. "Ndine ndinayamba kufika. Ndinaona akubanika, magazi ali thoo m'katimu, ndiye ndinawavula kuti apume. Ndinawathandiza, bambo. Ndikanapanda kuwavula bwenzi atatsamwa."

"Kenako?"

"Kenako ndinali ndi matumba awiri panjinga, ndipo lole sidikira munthu. Ndinati ndikauza anthu kutsogolo."

"Munawauza?"

"Ndinakumana ndi ndani? Mvula inali ikugwa."

"Koma chisoti munapeza pochiika."

A Hamza anali atasiya kuseka.

Tsopano a Zakaria ananyansidwa mwa mtundu wina. Anaona m'maganizo mwawo manja a Davie akumasula lamba pakhosi pa munthu wothyoka nsagwada, akukhuthula magazi m'chisoti, akuchikankhira pakati pa matumba a mbatatesi. Ndiye miyezi isanu ndi umodzi munthu ameneyu wakhala akupumira m'magazi omwewo, milomo yake ikukhudza dzino la mnzake. Kwa zaka zonse zimene anakhala pakhondepo anali asanatchulepo kasitomala kuti iwe.

"Iwe, choka pano."

"Ndipatseni chisoti changa."

"Chako chiti? Dzina lako ndi Malizani?"

"Masiku ano ndi a ufulu, bambo. Simungalande katundu wa munthu ngati nthawi ya makadi a chipani ija."

A Zakaria anaika chisoticho pansi pa tebulo n'kupondapo ndi phazi. A Hamza anatuluka m'sitolo n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Davie anatukwana chapansipansi, anakwera njinga yake n'kumapita.

A Zakaria anakulunga dzino lija m'kapepala. Anasamba m'manja katatu, madzi a m'ketulo mpaka kutha, komabe popita ku mapemphero a masana ankaona ngati zala zikununkha. Chakudya cha tsikulo sanachikhudze.

Anatumiza uthenga kwa a Yunike, akazi awo a Stefano, ndipo Loweruka banjalo linabwera. A Zakaria anachita kuwayang'ana kawiri. Chimunthu chija chinali chitatha, kolala ya shati ikulendewera, pakamwa patakhotera kumanzere. Ankayankhula mano ali olumana, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

A Yunike atamva nkhani yonse anaimirira. "Tiyeni kupolisi pompano! Anthu akhala akukunenani kuti munagwa chifukwa cha matama, chonsecho wakuba ali phee ku Nsambe!"

A Stefano anatembenuza chisoticho m'manja kwa nthawi yaitali. Anatsegula kapepala kaja, anayang'ana, n'kukapindanso.

"Ndikukumbuka munthu akundivula," anatero. "Ndinkayesa ndikulota. Mpweya unalowadi." Anapuma kaye. "Ndinamugwira mwendo wa buluku. Anachotsa dzanja langa."



"Ndiye mukuti bwanji, bambo?" anafunsa a Zakaria.

"Ine njinga yamoto ndinasiyana nayo. Andiika pa ofesi. Chisotichi n'chomenyeka kale, mphamvu zake zinachepa, komabe n'chabwinoko kusiyana ndi mutu wopanda kanthu. Munthuyo amatsika phiri lija tsiku ndi tsiku, eti? Ali ndi ana?"

"Akuti anayi."

"Muchepetsereni."

"Abambo inu!" anakuwa a Yunike.

"Kupolisi ndikanene chiyani ndi pakamwa pangapa? Ndatopa, Yunike. Muchepetsereni, a Zakaria. Koma dzina langalo musalifute."

A Zakaria sanagwirizane nazo m'pang'ono pomwe. Anawauza a Hamza kuti kukhululuka kotere n'kumene kukuwonongetsa dziko. Koma mwini chinthu anali atanena. A Zakaria anapala m'kati mwa chisoti monse ndi mpeni, anatsuka ndi madzi otentha ndi phulusa, n'kuchiyanika padenga masiku atatu. Anadula siponji ya matiresi akale, n'kuikuta ndi nsalu ya jekete lakaunjika limene analichapa okha. Lamba wa kuchibwano anali atadyeka, choncho anasoka wina wa chikwama cha sukulu.

Davie anabwera Lachinayi lotsatira, a Hamza atamutumizira mawu. Anafika mwamanyazi, wapsete kumutu, atavala shati yochapa. Anayamba kunena zoti Mulungu awadalitse, koma a Zakaria anamudula.

"Khala apa. Vala."

Ulendo uno chisoti chinalowa mothina, mpaka Davie anachita kukoka m'mbali kuti makutu adutse. A Zakaria anachigwira ndi manja awiri n'kuchipotoza. Khungu la pamphumi linayenda nacho limodzi, koma kumasaya kunali kukugwederabe. Anamuvula, anawonjezera siponji mbali zonse ziwiri, n'kumuvekanso. Tsopano masaya anatukumuka ngati a mwana wodya mbatata yotentha.

"Chikundifinya, bambo."

"Chikupweteka pena pake, kapena chikungogwira?"

"Chikungogwira."

"Ndiye momwemo. Pukusa mutu. Werama. Ukuona pansi?"

"Ndikuona."

Anamanga lamba n'kulowetsa zala ziwiri pakati pa lambayo ndi khosi. Khosilo linali lofunda, la thukuta, ndipo anachotsa zalazo msanga. Kenako anakankha chisoti kuchokera kunkhongo kuti aone ngati chingavuke. Sichinasunthe. Inali ntchito yabwino, ndipo zimenezo zinawanyansanso.

"Vula uone m'katimo."

Davie anavula. Nsalu yatsopanoyo inali itakuta paliponse, kupatula kunkhongo, pamene a Zakaria anasiya kawindo kosokerera bwino m'mbali. Zilembo za bolopeni zija zinkaoneka.

"Eni ake akuti uzivala," anatero a Zakaria. "Anabwera pano. Akukumbuka buluku lako."

Davie anatsegula pakamwa, koma a Zakaria anali atakhala kale pamakina n'kuyamba kupalasa.

Anakhalabe pakhondepo zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka maso atayamba kuchita nkhungu n'kubwerera ku Matope kwa mwana wawo wamkazi. Nthawi yokolola mbatatesi, Davie ankadutsa pamsewupo m'mawa uliwonse, mutu wofiira uli pamwamba pa matumba, ana akumuthamangira. Akafika pa sitolo ya a Hamza ankaliza belu n'kukweza dzanja. A Hamza ankayankha. A Zakaria ankaweramira pansalu mpaka njingayo itapitirira chigayo.