Chikhatho cha a Mawaya pa Sipika

A Mawaya anakonza masipika kwa zaka makumi atatu m'kashopu kamodzi, kuseri kwa kauntala, pakati pa mawayilesi akufa amene eni ake anawaiwala. Chimwalirireni akazi awo, kunyumba ankangopitako kukagona. Anthu ocheza nawo ankawapeza kuntchito basi. N'chifukwa chake anawabisira bwana awo kuti makutu ayamba kufa. Timawu tating'ono tonse tinali titapita kale, anangotsala ndi zogunda. Poyesa sipika ankaika chikhatho pamwamba n'kumamva kunjenjemera kwake, mutu ataupendeketsa ngati katswiri amene akumvetsera.

Lachiwiri lina masana kunabwera mtsikana wophunzitsa masewera olimbitsa thupi ku jimu kudzatenga sipika yake. Analumikiza foni n'kuika nyimbo zake zopangidwa pakompyuta, zopanda woimba. A Mawaya ankazikonda nyimbo zimenezi, chifukwa ng'oma yake imagunda du! du! du! osaphonya, ndipo chikhatho chimaimva yonse. Koma iwo sankadziwa kuti pamwamba pa ng'omayo pamayenda kanyimbo kena kopyapyala, kokwera pang'onopang'ono, kachisoni ndithu. Sankadziwanso kuti pakatikati ng'oma imasiya dala, kanyimboko n'kutsala kokha.

Pansi pa chikhatho panangoti zii.

"Yafanso iyi," anatero a Mawaya, manyazi atawagwira. "Pepani mayi, ndiitsegulenso."

Anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula. Atadzutsa mutu anaona mtsikanayo atatsinzina, mapewa akugwedezeka pang'onopang'ono. Ngakhale bwana, munthu wouma mtima uja, anali ataima pakhomo ndi kapu ya tiyi m'manja, osamwa.

Mtsikanayo anatsegula maso n'kudabwa. "Mukumasuliranji, bambo? Apa ndiye pokoma penipeni. Simukumva?"

Nthawi yomweyo ng'oma inabwerera ndi mphamvu, sikuluu imene ankamasula n'kugwa pansi. A Mawaya anagwada n'kuifunafuna nthawi yaitali, ngakhale ankaiona pomwe inali. Anachita mantha, mantha enieni. Ankaganiza za nyumba yawo ya mipando iwiri, ndi kutalika kwa tsiku ukakhalamo wekha.

Mtsikanayo atapita, bwana sanakuwe ali pakhomo monga mwa masiku onse. Anabwera pafupi, n'kuwerama mpaka nkhope zinayang'anizana, n'kuyankhula pang'onopang'ono, akutsegula kukamwa ngati akuphunzitsa mwana.

"Zinayamba liti, achikulire?"

Mawu amenewo ndiye a Mawaya anawamva onse, osaphonya ngakhale limodzi.