Jakisoni Wogona mu Ayezi

Mayi ena osoka madiresi anafika zaka makumi anayi opanda mwana. Adokotala anati thupi lawo limaumira mazira, choncho anawawonjezera mankhwala, jakisoni wapamimba m'mawa uliwonse. Singano anakula nayo, ankadzibaya okha osaphethira.

Patatha masiku khumi, makina anaonetsa kadzira kamodzi kokha.

"Mankhwala mumasunga pati?" anafunsa adokotala.

"M'firiji, pashelefu yapakati," anayankha mayiwo.

Amuna awo anakhosomola. "Inetu ndimawagoneka mopangira ayezi muja kuti azizire bwino, n'kuwatsitsa mayiwa asanadzuke."

Adokotala anagwira pakamwa. "Bambo, akaumatu amenewa ndiye kuti atha ntchito!"

Mayi anangoti kukamwa yasaa! Masiku onsewo ankatukwana thupi losalakwa.