Khoma la a Kaku Jagtap

Inu amene mukuona ngati pomwe mwagwerapo ndi pomwe zanu zathera, khalani kaye pansi ndikuuzeni za Ketaki Waghmare, mtsikana wa m'tauni ya Latur amene bwalo lonse linamukuwiza makamera akujambula.

Anali masewero achinayi a timu ya Latur mu ligi ya kiriketi ya amayi, ndipo atatu oyamba anali atagonja. Panatsala mpira umodzi. Kuti apambane pankafunika sikisi, mapointi asanu ndi limodzi, ndiye kuti womenya aulutse mpira ukagwe kuseri kwa chingwe cha malire usanagunde pansi. Womenyayo anali Ketaki.

Woponya wa timu inayo dzanja linamuterera, mpira unabwera wofewa, mphatso yeniyeni. Ketaki anaumenya bwino zedi, koma anaumenyera pansi. Unagubuduka pa kapinga mokongola mpaka kukagunda chingwe. Amenewo ndi mapointi anayi okha, ndipo timu inagonjanso.

"Achemwali, mukagwire tsache, zapansi ndiye mumazitha!" anakuwa bambo wina, anthu n'kufa nalo phwete.

Kochi wa timuyo, a Rukhsana Pathan, sanali mayi wodziwa kuzungulira. Anamuitanira pambali thukuta lisanaume.

"Ketaki, mu ligi ino mipira ndi yowerengeka. Sitifuna munthu wongodziteteza kuti asatuluke m'masewero, tifuna munthu womenya. Iwe umamenya ngati ukuopa kudzutsa khanda. Ndakuuza, ndakuonetsa, ndatopa. Kuyambira lero ukhala pa benchi, ndipo ligi ikatha usanasinthe, chaka chamawa usadzandifune."

"Ndamva, akochi."

"Kumva umamva. Ogontha ndi manja akowa."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa a bambo wa tsache uja, chifukwa malo ake m'timu sanali a iye yekha. Bambo ake, amene ankayendetsa kanjinga ka matayala atatu konyamula anthu, anamwalira iye ali ku pulayimale. Kuchokera pamenepo mayi ake, a Sunanda, ankatsuka mapoto m'nyumba za eni mpaka zala zinang'ambika. Tsiku limene Ketaki anatengedwa ndi timu, anawauza kuti mapoto a eni atha. Akachotsedwa, mayiwo abwerera ku mapoto omwewo.

Nanga manjawo anagontha bwanji? Nkhani yake ndi yoseketsa, koma kwa mwini wake inali yowawa.

Ketaki anaphunzirira kiriketi m'kanjira kopanikizika kuseri kwa msika wa masamba, ndi mpira wa tenisi ndi bati yomenyera mpirawo ya thabwa la bokosi. Kanjira kalikonse kali ndi malamulo ake, ndipo m'kameneka lamulo lalikulu linali lakuti wodumphitsa mpira khoma la a Jagtap watuluka.

A Jagtap anali mayi wamasiye amene aliyense ankawatchula kuti Kaku, ngati azakhali ake, ngakhale panalibe amene ankawalakalaka chibale. Ankapanga papadi wogulitsa, timikate topyapyala touma, n'kumatiyanika pa denga lawo lafulati. Mpira ukagwera pamenepo, ankatuluka ndi chikwakwa chodulira ndiwo n'kuudula pakati ana akuonerera.

Ketaki anali mtsikana yekha, ndipo anapempha kusewera nawo mpaka anyamata kutopa naye. Tsiku loyamba kumulola, mpira woyamba womwe, anauulutsa ndi mtima wonse. Unakwera, n'kukwera, n'kukatera pakati pa papadi. Unali mpira watsopano. Kaku anaudula, anyamata anamuthamangitsa, ndipo tchuthi chonse anachithera pakhomo kuonerera anzake. Atamulolanso, analumbira kuti mpira wake sudzachokanso pansi.

Lumbiro limenelo linalowa m'mikono. Kusukulu, ndi m'masewero aatali a tsiku lathunthu, linamutchukitsa, pakuti mpira ukawakhidwa m'mwamba womenya amatuluka, koma womenyera pansi sawakhidwa, ndipo oponya ankatopa naye mpaka kulira. N'chifukwa chake timu ya Latur inamutenga. Koma m'masewero afupiafupi, momwe anthu amalipirira kudzaona mpira ukuuluka, luso lomwelo linasanduka matenda. Akati akweze bati, pa mphindi yomaliza mikono inkadzipinda yokha.

Ligi itapumira chikondwerero cha Diwali, Ketaki anabwerera kwawo chamutu pansi. Asanalowe n'komwe m'nyumba, mawu anatsika kuchokera pa denga.

"Iwe mwana wa Sunanda, ndinakuonera pa foni ya mpongozi wanga. Mpira uja ngakhale ine ndi nyamakazi yangayi ndikanautumiza kutali ku mzinda wa Pune."

Ketaki anali asanabwezepo mawu kwa munthu wamkulu, koma tsiku limenelo mtima unali utadzaza.

"Kaku, inu ndiye musayankhule. Anandimanga manjawa ndi inu ndi chikwakwa chanu."

"Ine?"

"Inu amene. Ndikati ndiulutse mpira, sindiona bwalo, ndimaona khoma lanuli."

Kaku anangoti, "Mwano," n'kutsikira m'nyumba mwawo.

M'mawa mwake kanjira konse kanadzidzimuka ndi chiphokoso. Mipira ya tenisi inali kudumphadumpha paliponse, yakale, yometeka ubweya, ina yakuda ndi fumbi. Pa denga panali Kaku, atagwira thumba lopanda kanthu.

"Munkayesa ndinkadula yonse? Chikwakwa changa chinali ndi ntchito zina," anatero. "Papadi ndachotsa. Menyera kuno. Ukaboola thanki yanga ya madzi ndikusenda wamoyo, koma zina zonse ndi zako."

Panalibe woponya, popeza anyamata aja anali atabalalika ndi ntchito. A Sunanda, amene chibadwire anali asanagwirepo mpira, anamangirira nsalu yawo ya sari m'chiuno n'kutola umodzi.

"Amayi, mudzipweteka phewa."

"Phewa limene linanyamula mapoto a tauni yonseyi? Ima apo."

Musaganize kuti zinatheka tsiku lomwelo. Mpira woyamba unapita pansi. Wachiwiri pansi. Dzuwa linakwera, a Sunanda thukuta lili kamukamu, ndipo pa denga sipanagwe kanthu.

"Tiyi wanga wazizira ndikudikira," anadandaula Kaku. "Kodi ku timuko amakulipirani kuti muzipha nyerere?"

Mawa lake anayambiranso, ndi mkuja womwe. Anzake akuyatsa nyali za chikondwerero ndi kudya zotsekemera, Ketaki anali m'kanjira, zikhatho zitatuluka matuza. Pang'ono ndi pang'ono mpira unayamba kunyamuka, kufika m'mawondo, kenako kugunda khoma pakatikati. Nthawi zina ankaponya bati pansi n'kulira ndi mkwiyo. Mayi ake sankamutonthoza, ankangotola mpira wina n'kudikira.

Tsiku lina m'mawa mikono inaiwala kudzipinda. Mpira unakwera, kudutsa khoma, ndipo pa denga panamveka kuti phwaa. Unali mtsuko wa mango a m'tsabola amene Kaku ankawasunga ngati mankhwala.

Ketaki anaima kudikira chikwakwa ngati kamtsikana kaja. Kaku anatukwana mpirawo, anatukwana amene anayambitsa kiriketi, anatukwana ndi adzukulu ake omwe. Atamaliza, anautola, kuupukuta mafuta ndi nsonga ya sari, n'kuuponyera pansi.

"Ukuyang'ana chiyani? Bwereza."

Ligi itayambiranso, Ketaki sanalandiridwe ndi ng'oma. Anakhala pa benchi, kumanyamulira anzake madzi. Timu inayamba kupambana popanda iye, ndipo zimenezo zimawawa kuposa kugonja, ngakhale palibe amene amavomera. Anzake akamaliza zokonzekera, iye ankatsalira n'kupempha aliyense womumvera chisoni kuti amuponyereko. Kawirikawiri anali kaputeni wa timu, Manjiri Bhosale, amene atsikana onse ankamutchula kuti Tai, mkulu wawo.

Mwayi unabwera mnzake wina atabzungunyuka bondo. Ketaki analowa, anaulutsa mpira, ndipo unakwera bwino ndithu, koma unaperewera pang'ono. Wa timu inayo anauwakha pafupi ndi chingwe. Watuluka.

Anayenda kubwerera ku benchi akudziwa kuti zake zatha. Anali atachita chimene akochi anamuuza, ndipo chamutulutsa monga momwe ankaopera. Anakhala pansi n'kudziphimba thawulo kumutu. Manjiri anamuvundukula.

"Ukuliranji?"

"Ndatuluka, Tai."

"Tonsefe timatuluka. Chaka chonsechi ndimadikira kuti ndikuone ukutuluka ngati munthu."

A Pathan anangodutsa n'kuti, "Mawa ubwere m'mawa. Mwendo wakutsogolowo ukuusiya m'mbuyo."

Anabwera m'mawa, ndipo sanaleke kubwera. M'masewero otsatira anawakhidwanso. M'ena anapeza mapointi ochepa chabe. Sikisi yeniyeni inali isanatuluke, ndipo masewero anali kutha.

Omaliza anali ndi timu ya Nashik, pa bwalo lomwe lija la kwawo. Wopambana apitirira mu ndime ya matimu anayi, wogonja alongedza zikwama. Kwa Ketaki kunali kulongedza kosabwereranso, ndipo ankadziwa. A Sunanda anali m'gulu la anthu. Pambali pawo panali Kaku Jagtap ndi ambulera yakuda, akudandaula za mipando youma.

Zinthu zinayenda mokokanakokana mpaka kumapeto, ndipo ngati kuti wina akuchita dala, zinabwerera pomwe zinayambira. Mpira umodzi, sikisi yofunika, Ketaki ali ndi bati. Manjiri, amene ankamenya naye limodzi, anayenda kudzamunong'oneza.

"Ukawakhidwa, wawakhidwa, sindikufunsa. Koma ukaumenyera pansi, usadzandiyankhulenso."

Kaputeni wa Nashik ankamudziwa Ketaki wakale. Anaika anthu ake molondera mpira wogubuduka, ndipo woponya wake sanaterere dzanja ngati uja. Mpira unabwera wothamanga, wolunjika kumapazi.

Khoma analiona ndithu. Linaima pamaso pake monga masiku onse, ndi ndere zake, ndi mawaya a magetsi pamwamba. Koma tsopano ankadziwa kuti kuseri kwake kuli nkhalamba yolongolola imene imabweza mipira. Anatsogoza mwendo, n'kumasula mikono mpaka mapeto.

Mtsikana wina wa Nashik anathamanga chambuyo, maso kumwamba, mpaka anapunthwa pa chingwe. Mpira unamudutsa pamwamba n'kukagwera m'mipando ya anthu.

Za phokoso la tsiku limenelo sindinena, amene analipo makutu akuwalirabe. A Sunanda anangokhala pansi n'kubisa nkhope m'zikhatho zawo zong'ambika zija. Kaku anamenya bambo wa kutsogolo kwawo ndi ambulera pamsana, bambo wosalakwa, n'kumuuza kuti, "Amene uja ndinamuphunzitsa ndine."

Sindikunamizani kuti Latur inatenga chikho. Inagonja m'masewero otsatira, ndipo inagonja moonekeratu. Koma atsikana akulongedza, a Pathan anaima pa chitseko n'kumuitana.

"Ketaki, chaka chamawa usanenepe. Ndikufuna pa nambala folo, wachinayi kulowa ndi bati."

Atafika kunyumba, asanavule ngakhale nsapato, anagwira manja a mayi ake.

"Amayi, mapoto aja auzeni afune wina."

Masiku ano mukadutsa m'kanjira kaja madzulo, mupeza atsikana ali pa mzere kudikira bati. Lamulo linasintha, wodumphitsa khoma la a Jagtap wapeza sikisi. Kaku amalongololabe, papadi amaswekabe, koma mpira umabwerera wathunthu.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, dzifunseni. Mwina munayesapo kamodzi muli mwana, wina n'kukudulirani mpira pamaso pa anthu, ndipo kuyambira tsiku limenelo zonse mumamenyera pansi. Mumati ndi kusamala, koma ndi mantha akale. Khomalo mwina eni ake anaiwala kalekale, mwatsala nalo ndinu. Mukayesa kuulutsa, tsiku loyamba zikana, ndipo tsiku lina adzakuwakhani anthu akuona. Zisakubwezeni m'mbuyo, Ketaki nayenso anawakhidwa. Tolani mpira wina, tsogozani mwendo, mumasule mikono. Osataya mtima, menyerani kumwamba.