Tsiku Limene Tinanyamula Bambo pa Chitseko

Tinanyamuka ku Area 4 nthawi itangokwana 6 koloko m'mawa. Bambo anga, Che Jafali, telala wokalamba, anali atagwa kubafa akutawaza kuti aswali pemphero la m'mawa, ndipo mwendo wakumanja unali utatembenukira kunja. A Phiri, anansi athu, anavomera kutitenga pa galimoto yawo yonyamula makala pa K2. Tinawanyamula pa chitseko anthu anayi, n'kuwagoneka pa matiresi kumbuyo.

Pafupi ndi msika anyamata a chipani anatiimitsa. "Makhadi a chipani!"

Bambo, thukuta lili kamukamu, anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa lawo. "Onani msanga, ana anga. Mwendo wokhawu ndi umene ulibe khadi."

Mmodzi anaseka n'kutiuza kuti tidutse.

Titangowoloka mlatho wa Lilongwe galimoto inagwa m'dzenje, bambo n'kukuwa dzina la malemu mayi anga. Ndinagogoda pagalasi. Kuchokera pamenepo a Phiri anayendetsa pang'onopang'ono moti anthu apanjinga ankatipitirira.

Tinafika kuchipatala chachikulu cha m'ma 7 koloko. Pabenchi mayi wina wodikirira wodwala anandinyemera chitumbuwa. "Idyani, achemwali. Mzere wa pano sudziwa njala."

Cha m'ma 11 koloko dokotala wa mafupa anakweza chithunzi cha ekisileyi pawindo. "Fupa la m'chiuno lathyoka. Mwendowu tiukoka ndi zitsulo kwa milungu ingapo. Koma ayambe aonana ndi asisitala, amene amayang'anira okalamba m'wodi muno."

Asisitalawo, mayi wa imvi, mwendo sanaukhudze n'komwe. Anakhala pamphepete pa bedi n'kumafunsa zimene bambo amadya, ngati amaona bwino, ndi mankhwala amene amamwa.

"Nanga chaka chino mwagwa kangati, bambo?"

"Kamodzi komweka," ndinayankha ine.

Bambo anayang'ana kudenga. "Kanayi."

Chizungulire chinkawagwira akamadzuka, koma ankabisa poopa kuti tiwaletsa kusoka. Asisitala atawayeza, anapeza kuti mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi anali kuwafoola, ndipo anakauza dokotala kuti awasinthe. Kenako anandiphunzitsa kuwasuntha kuti asatuluke zilonda kumsana, kuwatsamiritsa kuti chifuwa chisadzaze, ndi kuwamwetsa madzi pafupipafupi ngakhale akane.

"Fupa lilumikizika," anatero. "Chimene chimatilanda achikulire ndi bedili. Ndiye inu ndi ine tigwirane manja."

Mng'ono wanga atabwera kudzandilandira, ndinakwera basi ya 5 koloko, ya 15 tambala, yodzaza ndi anthu oweruka ku maofesi a ku City Centre. Ndinaimirira njira yonse. Zaka zonsezo ndinkagona nyumba imodzi ndi bambo, ndinkawapatsa tiyi m'mawa uliwonse, ndipo moni wa "mwadzuka bwanji" ndinkakhutira nawo. Koma mlendo, asisitala aja, anangofunsa funso limodzi loti agwa kangati, n'kukhala pansi kudikira yankho lake.