Chithunzi cha mbuzi chimene a Sekeretaliyo anakana kufufuta

Amuna anga agona m'chipatala. Mkono wathyoka pawiri, mano atatu palibe, diso lamanzere silikutseguka. Mota yathu, njinga yamoto imene inkatidyetsa, ndi phulusa. Zonsezi chifukwa cha chithunzi chimodzi chimene a Damiyano, Sekeretaliyo wa bungwe lathu la alimi a kachewere kuno ku Tsangano, anakana kufufuta pa gulupu ya pa foni. Kufufuta chabe! Ntchito ya chala chimodzi.

Ndine mayi a Rozina, wa kuseri kwa chigayo. Ndikulemba muno, mu gulupu ya amayi a kutchalitchi, chifukwa ku gulupu ya alimiyo anandichotsa. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumize kwa ena, poti kutumiza zinthu mumakutha.

Gulupu imeneyo anaitsegula kuti tiziuzana mitengo ya kachewere ndi tsiku lobwera magalimoto. Adimini ndi mmodzi yekha, a Damiyano. Olowetsa anthu ndi iwo, ochotsa ndi iwo, ofufuta ndi iwo. Chaka chathachi munadzaza zinyalala. Uyu akuti dinani apa mupambane foni, uyo ndi sing'anga wobweza mwamuna wothawa, winayo akugulitsa feteleza amene palibe anamuonapo. Mamega athu a intaneti ankathera zimenezo. Titadandaula, a Damiyano anabwera ndi lamulo la nzeru zakuya: aliyense amene nambala zitatu zamudandaula, achotsedwe. Nambala zitatu, osati anthu atatu. Kuno kumalire ndani ali ndi nambala imodzi? Ngakhale ine ndili nazo ziwiri, yakuno ndi ya ku Malawi.

Lolemba, 14:10, nambala ina yodzitcha "Diso la Mudzi" inaponya chithunzi. Bambo a Rozina ali pa mota, kumbuyo amanga mbuzi yakuda ya khutu loyera. Pansi pake awudiyo, mawu opanikiza mphuno kuti asadziwike: "Nayu akutimalizira mbuzi uja. Muoneni bwino. Lachitatu pamsika musamusiye."

Mbuziyo ndi yathu. Anaigula Lamulungu kwa amalume awo ku Ntengo-Wambalame, ya pa chinkhoswe cha mwana wathu Rozina. Koma mukudziwa mmene makola aswekera mwezi uno. Anthu ali ndi mitima yamoto, akungosowa nkhope yoikapo mlandu.

14:30 ndinawaimbira a Damiyano. Anati akudya. 15:15 ndinaimbanso. Anati: "Calma, mamã, bwerani amanhã ku ofesi." Mawa? Pamene ndinkadula foni, mayankho anali atadutsa makumi anayi. Wina analemba kuti wakuba sapita kupolisi, amapita kumanda. Wina anaponya chithunzi cha tayala ndi machesi. Ine ndinayankha, ndipo sindikana, ndinatukwana. Ndinamutchula Diso la Mudziyo galu wopanda mwini. Inu mukanamuimbira nyimbo?

Lachiwiri ndinafika pa ofesi 7:40. Pachitseko analemba kuti amatsegula 8:00. Bwanayo anatulukira 9:15, akutokosa m'mano. Ndinawaonetsa chithunzi, ndinawamvetsera awudiyo, ndinawaonetsa tayala lija. Anayang'ana ngati ndikuwaonetsa mtengo wa nyemba. Akuti bungwe lili ndi ndondomeko. Akuti ndilembe kalata ya pempho. Ndinapita kukagula pepala, ndinalipira mametikali 50 kwa wolemba makalata wa pafupi ndi msika, ndinabwerera 10:20. Anaiwerenga, naitembenuza, n'kunena kuti ikufunika siginecha ya a Pulezidenti a bungwe, kenako iwo adindepo karimbo, chidindo chawo chija amachikonda kuposa akazi awo.

A Pulezidenti ali kuti? Ali ku Chidzolomondo, ku Macanga, kumaliro a apongozi awo. Abwera Lachisanu. Tiwaimbire? Kulibe netiweki.

Ndinagwada, amayi anzanga. Ine mayi wa ana asanu ndinagwada pasimenti. Ndinati: "A Sekeretaliyo, foni ili m'manja mwanumo. Dinani, fufutani. Mawa ndi Lachitatu."

Anaseka. Akuti: "Não dá, mayi, sizingatheke. Ndikafufuta cha inu, aliyense azibwera kuti ndifufute chake. Komanso anthu a pa foni amangolankhula. Ndani anafapo ndi awudiyo?"

Mwezi watha wina anaponya chithunzi cha a Damiyano omwewa atagona pa msonkhano, kukamwa yasa. Chinakhala mphindi zinayi zokha, n'kufufutidwa. Tonse tinaona. Kalata ya pempho analemba ndani tsiku limenelo? A Pulezidenti anasaina nthawi yanji?

Ndisanafike n'kunyumba komwe, 12:05, foni inandiuza kuti ndachotsedwa pa gulupu. Ine! Nditaimba, anati nambala zitatu zadandaula kuti ndikutukwana, ndipo lamulo ndi lamulo. Wonena kuti munthu aotchedwe anatsala. Wa tayala ndi machesi anatsala. Sing'anga wobweza amuna anatsala. Anachotsa mkazi wa munthu wofuna kuphedwayo, pakamwa pokha pamene pankati ndi bodza.

Lachitatu m'mawa ndinawaletsa bambo a Rozina kupita kumsika. Ndinabisa kiyi m'chitini cha mchere. Iwo anati: "Mayi a Rozina, ndikabisala ndiye kuti ndavomera. Sindinabe. Aliyense pamsika paja amandidziwa." Ndinawapatsa kiyiyo ndi dzanja langali. Chimenecho chidzandiwawa mpaka kufa.

Cha m'ma 10:30 anaima pamene amakwezera matumba. Ine ndinali kutsidya, ndikugula sopo. Ndinangomva mluzu, kenako wina akukuwa kuti ndi yemweyu. Ena anatulutsa mafoni, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana nkhope, ngati akutsimikiza katundu. Mwala woyamba unawapeza pakamwa. Anagwa ndi mota yomwe. Anakweza mkono kuti ateteze mutu, mpini wa khasu unatera pomwepo, ndipo kuthyoka kwake ndinakumva ndili chapatali. Ankawaponda ndi nsapato za kumunda. Ena mwa oponda aja amuna anga anawanyamulirapo odwala awo kupita nawo kuchipatala. Ndinathamanga, wina anandikankhira mu ngalande, ndinadzuka, wina anandimenya chigongono pachifuwa. Ndinaona tayala likugubuduzidwa. Ndinaona munthu akusolola paipi ya mafuta pa mota yathu yomwe, akukhetsera m'botolo.

Amene anawapulumutsa si mwamuna. Ndi mayi Nasitaziya, ogulitsa tomato aja, a zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Anadzigwetsa pamwamba pawo n'kukuwa kuti: "Thirani! Muotche ndi ine ndemwe! Mbuzi imeneyo ndinaona akugula ndi maso angawa!" Anthu anangoti kakasi. Mkwiyo wotsalawo anauthira pa mota. Apolisi anafika ikuyaka.

Malaya awo anachita kuwadula ndi lumo kuchipatala. Ndinawaika m'pulasitiki.

Lachinayi, 8:50, ndinali pa ofesi paja. Sindinagwade. Ndinakhutula malaya aja patebulo, pamwamba pa mapepala awo, magazi atauma gwaa. Ndinati: "Nayi siginecha munkafuna ija. Fufutani."

Mukudziwa chimene anayankha? Anatokosa foni, anatokosanso, kenako anati sizikutheka. Akuti foni imalola adimini kufufuta uthenga wa munthu wina pa masiku awiri okha, ndiye nthawi yadutsa. Lolemba zinkatheka. Lachiwiri, ine nditagwada pasimenti paja, zinkatheka. Lero chithunzicho chakhazikika m'mafoni a anthu oposa mazana awiri, ndipo palibe angachichotse. Anawonjezera kuti: "Paciência, mamã, pirirani. Zachitika basi."

Paciência! Ndikaike paciência pa mkono wothyoka?

Ndinawauza kuti andionetse nambala zitatu zinandidandaula zija. Anakana, akuti ndi chinsinsi cha bungwe. Ndinatola karimbo uja n'kumuponya pawindo, galasi linangoti phwaa. Ndinawagwira pakolala. Ndine wolima kachewere ine, thumba ndimasenza ndekha. Anandionetsa.

Yoyamba inali ya Diso la Mudzi mwiniwakeyo. Wondinyozera mwamuna ndiye anali woyamba kudandaula za ine, ndipo a Damiyano anamuwerengera. Ndinaimba, yozima. Yachiwiri, yozima. Yachitatu inali ya ku Malawi. Ndinaimba.

Mu ofesi muja muli sola, ndipo abale awo a Damiyano amasiyamo mafoni kuti adye moto. Pa shelefu kumbuyo kwawo foni ina inayamba kulira. Yakuda, yosweka pakona, yomanga ndi mphira wofiira. Foni imeneyo ndimaidziwa. Inakhalapo pa mpando wa m'nyumba mwanga kawiri, mwini wake atabwera kudzapempha Rozina kuti akhale mkazi wake wachiwiri, ife n'kumukana. Ndi ya Gasipala, mlamu wawo wa a Damiyano.

Inalira mpaka inasiya yokha.

Ndinafunsa: "Ziwiri zinazo n'zayani?"

Anayang'ana pansi. Akuti Gasipala ndi munthu wanthabwala, sankadziwa kuti zifika pamenepa. Sanati sakudziwa mwini wake. Akanatero bwanji? Pa gulupu paja munthu salowa yekha. Nambala zitatu zonsezo ndi za Gasipala, ndipo anazilowetsa ndi iwo, ndi chala chomwe chija chinalema kufufuta. Kuyambira Lolemba ankadziwa Diso la Mudzi ndi ndani. Kalata, siginecha, maliro a ku Chidzolomondo, zonse zija kunali kundizunguza kuti masiku awiri akwane, mlamu asachite manyazi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndaziona ndi maso.

Ndinafuna kuiphwanya foniyo pamutu pawo. Dzanja linakwera ndithu. Koma ndinaisolola pa chingwe n'kupita nayo kupolisi, pamodzi ndi malaya aja. Galasi la windo ndidzalipira, musade nkhawa a Sekeretaliyo. Mudzandilembere kalata ya pempho.

Tsopano mverani chimene chikundisowetsa tulo. Chithunzicho chatuluka kale m'gulupu yathu. Mchemwali wanga wa ku Macanga wachilandira kuchokera kwa anthu atatu osiyana. Kumeneko sadziwa za mayi Nasitaziya, sadziwa za chinkhoswe, sadziwa za Gasipala. Akudziwa nkhope ya amuna anga ndi mawu akuti musamusiye. Dzulo anyamata awiri achilendo anafunsa pachigayo kuti nyumba ya wakuba mbuzi uja ndi iti. Bambo a Rozina akutuluka m'chipatala Lolemba, ndipo ndi mkono umodzi sangathawe ngakhale mwana.

Ndiye a Damiyano, ndikudziwa kuti akazi anu ali muno ndipo akuwerengerani. Sindikufuna pepani wanu. Ndikufuna awudiyo, ya mawu anu enieni, osapanikiza mphuno. Mutchule dzina lanu ndi udindo wanu. Munene kuti chithunzi chija ndi bodza, mbuzi ndi yogula, ndipo anaponya ndi mlamu wanu. Muiponye pa gulupu lisanafike Lolemba. Muchotse nambala zitatu zija. Muchotse lamulo lanu lowerenga nambala m'malo mwa anthu. Ndipo a Pulezidenti, mwabwerako kumaliro, tiuzeni: gulu la anthu onsewa likhala bwanji m'thumba la munthu mmodzi? Iye akakhala kuti ndi amene akubisa njoka, tikadandaule kwa yani? Mukudikira maliro ena kuti muike adimini wachiwiri?

Nanunso amayi anzanga, musadziyeretse. Ena muno munachitumiza chithunzicho. Ndaona mayina. Munalemba kuti "chenjerani abale" n'kudina, kenako n'kupita kukwaya. Palibe mmodzi anandiimbira kufunsa, chonsecho nambala yanga muli nayo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amuna anu nawonso amanyamula mbuzi, amanyamula nkhuku, ndipo aliyense ali ndi wina amene anamukana kanthu. Lowani m'mafoni mwanu, chifufuteni. Aliyense amene munamutumizira, mutumizireni izi. Wokayika abwere kuseri kwa chigayo. Mbuzi yakuda ya khutu loyera ili pachingwe, ikudya, chinkhoswe taimitsa. Amalume amene anaigulitsa ali moyo ku Ntengo-Wambalame.

Dzulo masana ndinkawamwetsa phala bambo a Rozina ndi supuni, poti kutafuna sangathe. Anandikoka ndi dzanja labwinolo, nalankhula movutika m'kamwa motupamo. Sanafunse za mota. Sanafunse za mkono. Anati: "Afufuta?"

Zaka makumi awiri ndi zitatu za ukwati sindinawanamizepo. Ndinati eya, afufuta, anthu onse adziwa zoona. Anatseka diso lija limatsegukali n'kugona.

A Damiyano, Lolemba ndikuwatulutsa m'chipatala, ndipo njira ya kwathu imadutsa pamsika pomwe paja. Awudiyo ija ikhale itamveka.