Beseni Langa pa Fokolifiti ya a Rabson

Amuna anga a Rabson anabwera kuno ku Chintheche kuchokera ku Thyolo kudzacheka mitengo ya labala pa esiteti. Lero amayendetsa fokolifiti, kagalimoto ka mano awiri kokwezera mabelo a labala m'malole. Zaka khumi ndi zisanu, sanagwetsepo belo ndi limodzi lomwe. Ine ndimagulitsa chinangwa chophika pageti, ndiye zonse ndimaziona ndi maso angawa.

M'mawa uliwonse amagwada n'kusisita matayala ndi chala. Matayalawo ndi labala yekhayekha, alibe mpweya, saphulika. M'mbali mwake muli kamzere. Labala akadyeka kufika pamenepo, basi, tayala latha.

Tsiku lina anadzuka pogwadapo n'kuuza kapitawo watsopano, a Mcdonald, kuti, "Bwana, lakumanzereli lafika pamzere, lanyotsokanso. Sindikweza nalo katundu."

A Mcdonald kale ankayendetsa minibasi, kumene tayala amasintha likaphulika. "Laphwa? Mawaya aoneka? Kwerani, apo ayi siyani makiyi muzipita kwanu."

Ndinachita mantha, sindinama. Kwathu kuti? Nyumba tikukhalayi ndi ya kampani! Ndinafuna kukuwa kuti inu bambo a Pemphero, tangokwerani! Koma iwo, ndi liuma lawo lija, anangobwera pageti.

"Mayi a Pemphero, tandibwerekani beseni."

Analidzaza madzi, n'kuliika pathabwa lonyamulira mabelo pamano paja, n'kulikweza m'mwamba ngati katundu. "Bwana, taimani apa pamene amaima anzanga olandira mabelo."

A Mcdonald ataima pamenepo, a Rabson anayamba kuyendetsa fokolifiti, koma sanayende ndi patali pomwe. Tayala litaponda ponyotsoka paja, fokolifiti inangopendekeka pang'ono, koma kumwambako, mayo ine! Madzi onse khuthu pa a Mcdonald, kuyambira kumutu mpaka m'nsapato, beseni n'kugwera pambali.

Palibe anaseka.

"Amenewo ndi madzi chabe, bwana," anatero a Rabson. "Mabelo a pathabwa limodzi amalemera kupitirira tani imodzi."

A Mcdonald anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Kenako anagwada, malaya akudontha, n'kuika chala pakamzere kaja. Lachisanu matayala atsopano anafika kuchokera ku Mzuzu, makiyi akadali m'thumba mwa amuna anga.

Beseni langa linapindika mlomo, ndipo a Rabson mpaka lero sanandigulire lina. Asagule! Ndimaikamo chinangwa momwemo, ndipo aliyense wofunsa chinalipinda, ndimayamba ndamukhazika pansi.