Wapolisi Amene Ndinamulira Maliro

Dzulo kometetsa ku Umoja ndinaona nkhalamba yachizungu ikuseka pa kanema, mtima wanga n'kuwira. Si wapolisi wapanjinga uja wa m'sewero lakale la ku Mangalande, amene anawomberedwa ine ndili mwana?

Tsiku limenelo ndinalira mpaka maso kutupa. Lamulungu, pa mapemphero kunyumba kwathu, abusa atafunsa zopempherera, ndinaimirira.

"Tipempherere akazi a apolisi aja, atsala okha ndi khanda."

Onse anafa nacho chiseko. Amayi ananditsina pantchafu.

"Khala pansi iwe, ukundichititsa manyazi!"

Palibe amene anali atandiuzapo kuti imfayo inali yongosewera. Akuluakulu omwe ankandiphunzitsa chifundo ndiwo anandiseka, mwini malirowo akungonenepa kwawo mpaka imvi mbuu.